Nthutumba Imene a Jaji Anadya ku Mbayani

Achimwene anga anaweruza milandu kuyambira tsitsi lili bii mpaka pamutu patatsala bwalo losalala, ndipo pa zaka zonsezo chinthu cha munthu wa mlandu chimene chinalowa pakamwa pawo ndi chimodzi chokha, tambala. Ndinaphika ndine. Ndiye mukafuna kuseka, yambirani kwa ine.

Ndimati achimwene chifukwa munthu akamera ndevu umamupatsa ulemu wake, koma kubadwa ndinatsogola ndine. Ameneyu ndinamubereka kumsana, anandikodzera kosawerengeka, matekenya a kuphazi ndinkamuchotsa ndi pini. Kukhoti maloya ankamuweramira n'kumati Mailodi, Mailodi, ine mumtima ndili, mukanamuona Mailodi wanuyo akuthawa kusamba ali buno bwamuswe, simukanawerama choncho.

Sukulu ine ndinangoionera pawindo. Bambo anati mmodzi apite akaphunzire, wina atsale azithandiza mayi kugulitsa tomato, ndipo posankha sanachite kuvutika. Sindidandaula. Tomato wandilera, wandilereranso ana, ndipo mpaka pano benchi langa lilipo pamsika wa ku Mbayani.

Iye anayamba ngati womasulira pa kakhoti ka ku Limbe, kutembenuza Chizungu cha majisitireti kuti chikhale Chinyanja, mwina Chiyao, kuti wakuba njinga amve bwinobwino zaka zake. Kenako anapita ku Zomba kukaphunzira malamulo, n'kubwerako ndi magalasi. Anamupatsa umajisitireti n'kumuponya kuchigwa kotentha kuja, kumene anabwerako atada ngati kunsi kwa poto, kenako kumpoto, kenako Limbe yomweyo. Tsiku lina tinangomva kuti wakwera, tsopano ndi jaji wa khoti lalikulu, nyumba ku Mandala, mlonda pageti. Tsiku lolumbira ndinapita. Anatuluka atavala mkanjo wofiira, pamutu atasenza chiwigi choyera chopotanapotana, ngati kankhosa kafera pamenepo. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinafunsa alamu anga, akazi awo, ngati chimenecho chimachapidwa, iwo n'kunditsina pabondo kuti ndikhale chete.

Ntchito ankaigwira ngati munthu wotembereredwa. Mlandu wa malo sankaumvera pampando pokha, ankapita kukaona malirewo ndi maso, nsapato za ofesi zikumira m'matope, maloya akutsatira pambuyo akutukwana chamumtima. Nthawi zina ankapita kundende kukamva nkhani za anthu amene anagwidwa n'kuiwalika, ndipo ena ankatuluka tsiku lomwelo akuphethira ndi dzuwa.

Lamulo lawo analiika kalekale, sabata imene anayamba umajisitireti. Anatisonkhanitsa ife a mbumba yawo, alongo ndi ana athu, n'kuti, "Wina asalandire kanthu m'dzina langa, ngakhale singano. Wina asabwere kwa ine ndi mlandu wa mnzake." Tinavomera monga umavomerera abusa akamati musiye miseche. Koma munthu uja ankanenetsa. Kuchigwa kuja wina anamangirira mbuzi pakhonde pawo, mbuziyo inabwerera wapansi ndi mesenjala wa khoti, ulendo wa tsiku lonse. Ku Mandala thumba la mpunga linakhala panja pa geti, mvula ikulinyowetsa, mpaka linanunkha. Mwana wanga wachisamba atagwidwa pa ndewu ya pasiteji, ndinathamangira kwa amalume ake ndikulira. Anandipatsa madzi akumwa n'kundilozera kwa loya. Foni sanaigwire. Mwana anagona m'chitokosi, ine achimwene sindinawapatse moni dzinja lonse.

Ndiye dzina loyera lija silinali lawo okha. Tinalisenza tonse, ndipo linkalemera. Koma chinthu ukachisenza nthawi yaitali umayamba kuchinyadira. Pamsika akati, "Awa ndi alongo ake a jaji uja salandira," ndinkakonza duku. Ndinaphunziranso kununkhiza anthu. Amene alephera pageti la ku Mandala ankayesa khomo la ku Mbayani. Wina wa tayi anabwera n'kunena kuti agula tomato yense wa pabenchi osanenerera, ndinamufunsa ngati kwawo kuli ukwati kapena mlandu, anachoka osatsanzika. Mayi wina amene mwana wake anatulutsidwa kundende anandibweretsera chitenje chatsopano akulira, ndinalira naye limodzi, chitenje n'kubwerera nacho. Ndinkadziona wochenjera, ine.

Nthawi imene ndikunenayi n'kuti kutatsala zaka ziwiri kuti apume pantchito. Nyumba ya ku Mandala inali ya boma, galimoto yawo inkatsokomola pokwera chitunda. Chimene anali nacho ndi dzinalo basi, ndipo ankafuna kutsika nalo pampando lilibe banga.

Chofooka chawo chinali chimodzi. Alamu anga, atamva kwa dokotala za shuga ndi kuthamanga kwa magazi, anawaika pa kabichi wowiritsa wopanda mchere. Ndiye Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, akaweruka kutchalitchi, ankati akukaona mlongo wawo. Galimoto ankaisiya kumtunda kumsewu, poti kwanga galimoto sifika, n'kutsetsereka wapansi, kudumpha ngalande, kuvula jekete, kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kudya nkhuku yachikuda ndi mpunga mpaka thukuta. Alamu ankadziwa. Mkazi wosadziwa zoterezi sanabadwe.

Chaka chimenecho mwendo unanditupa, ndinagona milungu iwiri osapita kumsika. Anthu anabwera kudzazonda monga mwa masiku onse, wina kapaketi ka shuga, wina sopo, wina nthochi, wina manja okhaokha ndi nkhani ya azakhali ake amene anayamba chimodzimodzi n'kumwalira. Lachisanu kunabwera mayi wina wojintcha, wonunkhira mafuta, dzino lagolide, chikwama chonyezimira pamkono. Nkhope ndinkaidziwa ya pamaliro ndi pamisonkhano ya amayi, koma sanali wa mpingo wathu. M'khwapa anapanira tambala wofiira, wamkulu, miyendo atamanga ndi kansalu.

Tsono inu ndiuzeni. Munthu wobwera kudzazonda matenda umamufunsa chiphaso? Cha odwala chimakanidwa? Ukakana ndiye kuti ukumunena mwini wake kuti ndi mfiti. Ndinalandira ndi manja awiri. Anapemphera pemphero lalitali, mwendo anautchula katatu, ndipo potuluka anati, "Mukawapatse moni achimwene anu. Muwauze kuti ife a pasitolo ya matayala ku Limbe sitiwaiwala m'mapemphero." Ine moni wa achimwene ndimapatsidwa tsiku ndi tsiku, ngakhale ndi oledzera. Ndinangosunga m'mutu. Chimene ndinaganiza n'chakuti mkuja ndi Lamulungu loyamba, ndipo ulendo wokasaka nkhuku ndi mwendo wotupa wandithera.

Kwathu nkhuku ya mlendo siphedwa mseri. Umayamba wamuonetsa ili moyo, aigwire, adziwe kuti sunamuphikire yofa yokha ndi chitopa. Achimwene atakhala pansi pa mtengo ndinawabweretsera tambala uja. Anamulandira ndi manja awiri, anamuyeza kulemera, anamusisita nthenga.

"Achemwali, ameneyu si wa ku Mbayani. A kuno amakhala ndi nkhope ya mavuto."

"Ndi wa odwala. Mudyera matenda anga."

"Ndiye muzidwaladwala."

Wochinja anali a neba anga, bambo wachisilamu woyendetsa minibasi pakati pa tauni ndi Limbe. Nkhuku zanga zonse amadula khosi ndiwo, kuti mbale ikadutsa mpanda kwawonso adye. Munthu wabwino, koma pakamwa pake palibe chitseko. Chimene waona m'mawa, pofika masana okwera minibasi yake achimva onse, ndipo aliyense watsika nacho pasiteji yake.

"A Jaji, ameneyu mwamuweruza kale?" anafunsa akunola mpeni pamwala.

"Apilo palibe. Pitirizani."

Ndinamuphika monga ndidziwira, tomato wa pabenchi langa, anyezi, makala a moto wodekha. Nthutumba ndinaika pamwamba m'mbale mwawo, poti nthutumba ndi ya mwini mbumba, ndipo nkhuku ikafika kwa mwamuna wamkulu ilibe nthutumba pamakhala mafunso. Anayamba ndi yomweyo. Anadya ntchafu zonse ziwiri, anaswa mafupa, msuzi anachita kupendeketsa mbale. Ine nkhani pakudya sindiyambitsa, mayi anatiphunzitsa kuti munthu wanjala sapatsidwa uthenga. Atasamba m'manja, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi, ndiye ndinakumbuka.

"Paja pali moni wanu. Wachokera kwa mwini tambalayu."

"Ndani?"

"Mayi wa pasitolo ya matayala ku Limbe. Akuti sakuiwalani m'mapemphero."

Kamtengo kanaima m'kamwa.

"Mwati sitolo ya chiyani?"

"Ya matayala. Kodi matayala akulakwirani chiyani?"

"Wojintcha, wa dzino lagolide?"

"Ndiye mukumudziwa."

Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso, n'kuyang'ana mbale ya mafupa ngati mafupawo angadzuke n'kuvala nthenga. Sindinawaonepo choncho chimwalirire mayi athu.

Za milandu sankandiuza, koma tsiku limenelo anandiuza zimene aliyense wokhala pabenchi la kukhoti akanatha kumva. Mwamuna wa mayi uja, bambo wa matayalayo, ankati anagula malo a kuseri kwa sitolo yake pamodzi ndi nyumba, kwa dalaivala wina wa mathiraki asanamwalire. Mkazi wamasiye wa dalaivalayo, amene ankakhala m'nyumbamo ndi ana, ankati mwamuna wake sanagulitse. Mlandu unali m'manja mwa achimwene, ndipo Lachinayi la sabata yomweyo linali tsiku lomaliza kumva mboni.

"Ndiye tikhale chete," ndinatero. "Nthenga ndikwirira, mafupa atola agalu. Tambala alibe chidindo."

Ndisanatseke pakamwa, kuseri kwa mpanda kunamveka a neba ali pafoni, akuuza mnzawo kuti lero achinja tambala wa a Jaji, wofiira, wolemera ngati mwana.

Achimwene anaseka pang'ono, kuseka kosaonetsa mano. "Ngakhale a neba anu akanakhala osalankhula, achemwali, mayi uja akudziwa. Ndikaweruza mowakomera, anthu ati ndi tambala. Ndikawagwetsa, alengeza kuti ndinadya n'kuwapusitsa. Ndikausiya mlandu, jaji wina auyamba pachiyambi, mayi wamasiye uja ayambirenso kuyenda."

"Nanga ine ndikanatani? Ndimubweze munthu wodzazonda?"

"Mukanandipatsa moniyo ndisanadye."

"Munthu wanjala?"

Anaimirira. Anavala jekete, anamanga mabatani onse, n'kuti, "Kuno sindidzadyanso mpaka nditatsika pampando." Anakwera chitunda osacheuka, ndipo ngalande imene ankaidumpha mwezi ndi mwezi anaiponda pakati penipeni.

Lisanalowe dzuwa alamu anaimba foni. Sanakalipe, ndipo ndi chimene chinandipweteka. Anati, "Alamu, mchere wanu ndaupirira zaka zonsezi. Koma munthu wafika kuno wangokhala pakhonde ndi nsapato yonyowa, tiyi wakana. Mwamudyetsa chiyani?" Ndinawauza. Iwo anati, "Ndiye kabichi wanga munkamunyoza."

Lolemba ndinatsimphina mpaka kumsika waukulu wa m'tauni. Ndinasankha tambala woposa uja, wakuda, wa maso aukali, n'kukwera naye minibasi ya ku Limbe. Kondakitala anafunsa ngati bwanayo akhala pampando wakewake kapena pamiyendo panga. Sitolo sinavute kupeza, matayala anawunjikidwa mpaka mumsewu. Mayi uja anali pakauntala.

"Amayi, mwachira?"

"Ndachira. Ndabwera ndi tambala wanu."

"Aa, cha odwala chimabwezedwa? Mukufuna matendawo abwerere kwa ndani?"

Pamenepo anandigwira, poti mwambo umene unanditseka pakamwa Lachisanu ndi womwewo. Mwamuna wake anatulukira kuseri kwa matayala akupukuta m'manja, anamuyang'ana tambala, n'kunena mokweza kuti antchito ake amve, "Wathu anali wofiira, mayi. Koma a Jaji anamva kukoma?"

Ndinabwerera naye. Masiku atatu anakhala m'khitchini mwanga akudya madeya anga, ndipo m'mawa uliwonse ankalira kundikumbutsa uchitsiru wanga. Ndinaganiza kuti chimene munthu wakana pakauntala yake, achilandira pagulu.

Lachinayi ndinavala chilundu changa cha kutchalitchi, tambala m'dengu, nsalu pamwamba. Wapolisi wamkazi wa pakhomo la khoti anavundukula nsalu, tambala n'kumuyang'ana m'maso.

"Agogo, ameneyu ndi mboni?"

"Ndi wobwezedwa."

"Adikire panja."

Ndinamumangirira pamthunzi pafupi ndi alonda. M'khoti mwa achimwene ndinali ndisanalowemo chiyambire. Ndinakhala kumbuyo. Kutsogolo, mbali ina kunali bambo wa matayala ndi mkazi wake, mbali ina mayi wamasiye, wochepa thupi, atafunda mpango kumutu mwachisilamu, manja ali pamiyendo. Chitseko chinagogodwa, tonse tinaimirira, iwo n'kulowa ndi mkanjo wawo ndi kankhosa kawo. Anandiona. Sanaphethire n'komwe.

Asanaitane mboni anati ali ndi mawu. Analankhula Chizungu, n'kuuza womasulira kuti atembenuze zonse mokweza. Womasulirayo, bambo waulemu wake, anayamba kuzungulira. "A Jaji akuti Lamulungu lapitali anakacheza kwa m'bale wawo, ndipo kumeneko analandiridwa monga mwa chikhalidwe chathu."

Achimwene anakweza dzanja. Paja ntchito imeneyo ndi imene anayambira iwo. Chizungu anachisiya.

"Sindinatero. Ndati ndinadya tambala. Tambalayo anachokera kwa mkazi wa bambo awa, kudzera kwa mlongo wanga amene ankadwala. Ndinadziwa nditadya kale. Ndinadya kwambiri, ndi nthutumba yomwe. Zilembedwe choncho."

Kenako wina pafupi nane anatsamwa ndi malovu ake omwe, wapolisi n'kumuyang'ana. Ine ndinkafuna pansi patang'ambika. Anthu akamafotokoza nkhaniyi masiku ano amati nthawi yomweyo tambala wanga analira panja. Bodza. Ndinakamupeza atagona, dzuwa litamufoola.

"Ndiye ndikufunsa mbali zonse ziwiri," anapitiriza achimwene, "ngati ndipitirize, kapena mlanduwu ndiupereke kwa jaji wina. Ndifunsenso ngati tambalayu anali wa matenda kapena wa mlandu. Ngati anali wa mlandu, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo eni ake ndi apolisi."

Loya wa bambo wa matayala anawerama, ananong'onezana ndi munthu wake nthawi yaitali, thukuta likutsika kuchokera pansi pa kawigi kake. Ataimirira anati tambala anali wa matenda, wa chikondi cha pa abale basi, ndipo iwo sakuona chifukwa choti Mailodi ausiyire mlandu.

Loya wa mayi wamasiye ankati aimirire, mayiyo n'kumukoka mkanjo. Mayiyo anaimirira yekha. Chinyanja chake chinali chopendekera ku Chiyao, ndipo mawu sanakweze.

"Bwana, kukhoti kuno ndinayamba kubwera mwana ali kumsana, lero ali kusukulu. Kuyambiranso sindingathe. Komanso munthu wodya n'kudzinenera yekha pagulu ine sindinamuonepo. Pitirizani."

Loya wake anangogwedeza mutu. Achimwene analemba, mboni yoyamba n'kuitanidwa.

Pa nthawi yopuma ndinamasula tambala wanga. Mayi wa dzino lagolide ndinamupeza pamasitepe, anthu ali mbwee.

"Mayi, mwamva nokha kuti anali wa matenda. Matenda atha. Nayu."

Anabisa manja kumbuyo. Ndinamuikira pansapato n'kuchokapo. Wapolisi wamkazi uja anabwera kudzamuuza mwaulemu kuti pakhoti saweterapo nkhuku, achotse chiweto chake. Anamunyamula, ndipo anthu anamuperekeza ndi maso mpaka kugalimoto.

Chigamulo chinatuluka patapita milungu. Nyumba ndi bwalo lake zinatsala kwa mayi wamasiye, poti pepala logulitsira nyumba linapezeka kuti silinalembedwe ndi dzanja la malemu. Koma kampata ka m'mphepete, pamene bambo uja anamangapo shedi ya matayala, achimwene anapeza kuti kameneko malemu anagulitsadi, mboni zinalipo. Ndiye m'minibasi nkhani inali yoti kampata kaja ndi ka tambala. A neba ankabwera nazo tsiku ndi tsiku, zotentha.

Zinandilowa mpaka ine. Titakumana pamaliro a msuweni wathu ku Bangwe, ndinawakokera pambali.

"Kampata kaja, achimwene."

"Inunso, achemwali?"

"Ndangofunsa."

"Mapepala aja ndinawawerenga kambirimbiri. Sindinkaopa kumukondera bambo uja. Ndinkaopa kumulanda chake kuti ine ndioneke woyera. Kampata n'kake. Ndikanamulanda, ndiye kuti mlandu waweruza ndi tambala."

Ndinangowachotsa kaudzu pajekete.

Mawu awo anawasunga. Lamulungu loyamba ankabwerabe, kukhala pansi pa mtengo, kumwa madzi, kucheza, kupita. Ngakhale chinangwa chootcha ankakana. Ndinkakazinga dala anyezi nthawi imene afika kuti fungo liwazunze, iwo ankangomeza malovu ngati a neba pa mwezi wosala. Zaka ziwiri zathunthu. Anaonda mpaka kolala ya malaya inkachita kuzungulira yokha, alamu n'kumati dokotala wasangalala.

Tsiku lotsanzikana nawo kuntchito anatiitanira ku holo ina m'tauni. Akuluakulu analankhula motalika, za Limbe, za kuchigwa, za akaidi oiwalika, za milandu ikuluikulu imene ine sindiidziwa. Mkulu wina anati bambo awa pantchito yawo yonse sanalandirepo ngakhale singano. Kumbuyo, kumene kunakhala makalaliki ndi amesenjala, wina analira motsitsa ngati tambala. Woyamba kuseka anali achimwene, mpaka anavula magalasi, ndiye holo yonse inamasuka. Pamsika tsopano amati ndine mlongo wa jaji wa tambala. Poyamba ndinkafuna kuwagenda ndi tomato woola, koma ndinaona kuti onena choncho sanyoza. Wina wa mlandu wa malire anandifunsa ngati kwatsala jaji wina wa mtundu umenewo. Duku ndimakonzabe.

Lamulungu loyamba atapuma ndinawaona akutsetsereka chitunda, jekete palibe, m'khwapa atapanira nkhuku. Anagula okha kumsika wa ku Limbe. Thadzi lokalamba, miyendo ya mamba, pachifuwa fupa lokhalokha. Munthu amene anazindikira dzanja labodza la munthu wakufa, ogulitsa nkhuku anangomuona n'kudziwa kuti Mulungu wawakumbukira. Anandipatsa ndi manja awiri kuti ndiione ili moyo.

"Mwaitenga kwa ndani?" ndinafunsa. "Ali ndi mlandu?"

"Phikani, achemwali."

"Moni sanapereke?"

"Ndati phikani."

A neba anachinja akudandaula kuti mpeni wawo ubuntha. Inandithera makala, n'kukhalabe yolimba ngati matayala a ku Limbe aja. Popakula, nthutumba ndinaika m'mbale mwanga. Achimwene anafufuza m'mbale mwawo ndi chala, anasuzumira mwanga, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Nanga ya mwini mbumba?"

"Munadya kale. Zinalembedwa kukhoti."

Anatola khosi n'kuyamba kulimbana nalo.